Mawu a Estere amene sitinagawe

Achemwali anga a Febbie,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwendo uja wasiya kutupa? Ine kuno ku Lilongwe ndili bwino, ntchito ya kusitolo ikuyenda. Kwayamba kuzizira, moti m'mawa ndimakumbuka kutentha kwa ku Chapananga kumene ndinkadandaula nako.

Ndalemba pamanja chifukwa nkhani yake ndi ya foni, ndipo sindikufuna kuinenera pa foni pomwepo.

Foni yanga yakale ija ikutha. Batire latupa, imangozima yokha. Ndagula ina, koma m'yakaleyo muli mawu a malemu mkazi wanga Estere, amene ankajambula n'kunditumizira ali kumudzi. Pena akunena kuti mapira acha, mbalame zavuta, kumbuyo mbuzi ikulira. Pena akungoseka n'kunditchula dzina lija la tikakhala awiri. Lamulungu masana ndimakhala pakhonde n'kumamvetsera. Ndikatsinzina ndimaona njira ya kumsika, fumbi lili kobo, iye ali patsogolo ndi dengu pamutu, ine ndikukankha njinga pambuyo pake. Satembenuka, koma ndimadziwa kuti akumwetulira.

Mnzanga wa kuntchito, a Maclean, anati pali pulogalamu yosamutsira zonse ku foni yatsopano. Tinayamba kuiika. Inafunsa dzina langa, ndinalemba. Tsiku lobadwa, ndinalemba. Kenaka inapempha chilolezo chotenga zithunzi, manambala a anthu ndi mawu onse ojambulidwa, kuti ikasunge ku makompyuta a eni ake kunja kwa dziko. Chingerezi chake ndinachiwerenga pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Sindinapeze pamene akunena kuti angamvetsere ndani, kapena kuti adzafufuta liti.

A Maclean anaseka. Anati aliyense amangodina osawerenga, ndipo anthu akunjawo alibe nthawi yomvetsera mbuzi za ku Chikwawa. Mwina akunena zoona. Koma chala changa chinakana.

Mukukumbuka tsiku logawa katundu wa malemu ku Bangula? Zitenje zinapita kwa ang'ono ake, mtondo kwa amayi ake, ngakhale lichero lobooka lija linatchulidwa. Mawuwa palibe anawatchula, chifukwa anali m'thumba mwanga ndipo ine ndinakhala chete. Lero makina akupempha chilolezo kwa ine ngati kuti mwini wake ndine. Inu mukumudziwa Estere, akamva mlendo pabwalo ankatsitsa mawu. Sindikudziwa ngati akanalola.

Pempho langa ndi limodzi. Mukapita ku Bangula mukafike kwa apongozi anga, mukawafotokozere m'Chisena, poti inu mumachilankhula bwino kuposa ine. Mukawauze kuti mawu a mwana wawo alipo, koma kuti apulumuke ayenera kudutsa m'manja mwa anthu osawadziwa, ndipo njira ina ine sindikuidziwa. Akavomera, ndidina. Akakana, sindidina ndipo sindidandaula. Ndidzabwera nayo foniyo patchuthi kuti nawonso amve, kupatula a dzina lija, amenewo apongozi sangamve ine ndili pomwepo.

Musachedwe kwambiri, achemwali. Foniyo ndaizimitsa, ndaikulunga mu mpango wa Estere n'kuiika m'sutikesi. Lamulungu lapitali ndinakhala pakhonde popanda kuiyatsa, kuti moto wotsala m'batiremo ukafike ku Bangula. Ndinatsinzina chabe, ndipo njira ija inabwerabe, koma mbuzi sinalire.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume ndi azakhali, ndi kwa ana onse. Apongozi mukawapatse moni kaye, mukhale nawo pang'ono, kenaka nkhaniyo.

Ndine mlongo wanu,
Tomasi