Mlingo wa Kadzungu

Achimwene, Kadzungu wanu sakudzuka bwino. Chiyambire dzulo ndikamutsina akungotsegula diso limodzi, mkaka ukutsikira m'khosi osameza. Ndikuopa kuti tikumupha ndi mankhwala.

Pepani, moni ndayambira kumapeto. Muli bwanji ndi alamu ndi ana?

Paja mukudziwa za matenda ake akugwa. Kuchipatala mayi wa pawindo la mankhwala anati mapiritsi alipo ndi a akuluakulu okha. Ndinaona ndi maso anga akuwapera m'kamtondo koyera, nasakaniza ndi ufa wina wosawawa. Anayeza pa kasikelo konga kachidole, mpaka kupuma anasiya kuti ufa usauluke. Anakulunga timapepala makumi atatu, namata chizindikiro cha dzina, tsiku ndi mlingo. Anandigwira dzanja n'kunena kuti kapepala kamodzi patsiku, ngakhale agwe ndisawonjezere.

Lachiwiri Kadzungu anagwa pakhonde, mayi oyandikana nafe akuona. Apongozi anga aakazi manyazi anawagwira. Akuti khunyu ndinabwera nalo kwathu pamodzi ndi chikwama changa chong'ambika. Akuti wa pawindo uja amaba mapiritsi n'kutipatsa fumbi.

Apongoziwo anang'amba timapepala tonse n'kukhuthulira m'botolo la mafuta odzola. Kenako anatenga mapiritsi ogonetsa amene anatsala a malemu amuna awo, nawaphwanya ndi chipande patebulo, n'kuthiramo. Mlingo wawo ndi supuni ya tiyi, katatu patsiku.

Nditawauza zimene ananena wa pawindo, anaseka mpaka kukhosomola. Akuti iwe dokotala wathu wolemba dzina lako utatulutsa lilime wayamba liti kuwerenga. Akuti mwana akagona ndiye kuti sakugwa, ndiwathokoze.

Bambo ake a mwana ali pa ulendo ndi lole. Apongozi atawaimbira, bambowo anangoti ndimvere amayi awo, iwo analera asanu ndi awiri. Foni yanga ili m'chikwama mwa apongoziwo, kiyi wa geti ali m'khosi mwawo.

Achimwene, chinthu chimodzi ndikuuzeni. Iwo sam'mwetsa okha. Amaima kumbuyo kwanga n'kunena kuti mayi ake ndiwe, um'patse. Ndam'patsa kasanu. Ndi dzanja lomwe likulembali. Mwanayo amanditsegulira kakamwa chifukwa ndine.

Kalatayi ndaipatsa mayi wogulitsa makala kudzera pansi pa geti. M'katimu muli kapepala kamodzi ka chizindikiro kamene ndinatola m'zinyalala, ndi ufa wa m'botolo pang'ono. Muwaonetse a pawindo, adziwa chochita.

Amayi athu muwapatse moni koma musawauze, mtima wawo uja. Mulungu akusungeni panjira.

Supuni ya masana ndaitayira m'malaya, apongozi andiona. Akuti ya madzulo amwetsa okha, yodzaza. Siyani chilichonse, bwerani ndi njinga yamoto ndi chitsulo chothyolera loko. Musagogode. Bwerani lero, achimwene, dzuwa lisanapendeke.

Ndine mlongo wanu,
make Kadzungu