Vanishi wa Ahedi ndi Fizi ya Elena

3 Sepitembala 1979
Talowa m'nyumba ya ahedi, ija ankagona ansembe kale. Pansi pake ndi pa matabwa a mlombwa, akuda bii, mphepo ya Bembeke ikulowera m'ming'alu. Amuna anga a Gerevazio akuyendapo monyang'wa ngati mtengowo anadula ndi iwo. Akuti mphunzitsi wamkulu amadziwika ndi pamene amaponda. Ine ndimayesa amadziwika ndi ana okhoza mayeso. Umbuli wangawu.

8 Sepitembala
Kwabwera a Rafaelo, kalipentala. Agwada, anunkhiza thabwa, apukusa mutu ngati afika pamaliro. Kupala, sandipepa, vanishi wa ku Lilongwe, kupaka kawiri: K38. M'nyumba muno muli K40 yokha, ya kachewere wanga, yomwe ndapindira msana chaka chonse. Ndi fizi ya mwana wathu Elena, wasankhidwa kupita ku sekondale. Ndanena kuti ayi.

11 Sepitembala
Ayi wanga uja wagula vanishi. A Gerevazio akuti woyendera masukulu akubwera, akadzaona pansi powala ndiye kuti kukwezedwa pantchito kwatheka, fizi tidzapeza pambuyo. Sindimadziwa kuti boma limatuma munthu kudzayendera matabwa.

20 Sepitembala
Fumbi m'ndiwo, fumbi m'makutu. Tikugona kukhitchini kuti matabwa apume bwino. Elena watulutsa zovala m'sutikesi, wazibwezera pachingwe. Sanalire. Bola akanalira.

2 Okutobala
Anzake a Elena akwera basi dzulo. Pansi pakuwala, zoona. Ndadzionapo nkhope, nkhope ya mayi wopusa. Nsapato tikuvulira panja, m'nyumba tikuyenda chonyang'ama.
Madzulo kwafika apongozi kuchokera ku Mayani, kudzaona ulemerero wa mwana wawo. Aterereka kawiri asanafike pampando. Akuti, "Mwana wanga mpaka uhedi, koma nyumba yosazira? Mkazi alimo muno?" Ndangoti zikomo.

5 Okutobala
Tsiku lonse kumsonkhano wa chipani. Ine kuvina, bambo kuwomba m'manja pampando wakutsogolo. Kumeneko sajomba munthu.
Pobwera, nyumba yonse yozira. Dothi lakuda la kudambo, losalazidwa ndi nkhulungo mpaka m'makona. Ntchito yaluso, ndisaname, ndipo mphepo yaleka kulowa. Apongozi ali phee pakhonde, kudikira kuthokozedwa. Munthu sakalipira mayi ake, makamaka aphunzitsi anzake akuonera. A Gerevazio angowerama mwaulemu: "Mwagwira ntchito, amayi."
A Rafaelo asuzumira, akuti chinyezi chalowa kale, kukonzanso ndi mtengo womwe uja. Woyendera akufika Lolemba. Adzaona okha mmene amazirira a ku Mayani.

6 Okutobala
Zandivuta mumtima. Munthu wamkulu wodandaula msana ngati apongoziwa, dothi lonse lija wasenza bwanji kuchokera kudambo? Ndawafunsa. Akuti, "Ndi mdzukulu wangayu. Ndowa pa ndowa, osapuma. Madzinso amathira ambiri, ati lilowe bwino m'matabwa. Mwana waulemu."
Ndamupeza Elena kuseri akutsuka ndowayo, zikhadabo zili bii. Iye amadziwa mtengo wa vanishi kuposa tonse m'nyumba muno. Ndangomuyang'ana. Sanadzutse mutu. Akuti, "Nanga ndinali ndi kopita, amayi?"
Ndimati ndiseke. Sizinatheke.