Kutsokomola kwa Ababa

Lolemba, 9 Sepitembala 2024

Kutentha kwayamba kale. Mu situdiyo fani sitiyatsa, maikolofoni amatola chilichonse, ndiye timangopsa muno ngati mbatata. Matileyi a mazira awiri, otchingira phokoso, agwanso kukhoma. A Raymond, eni situdiyo, akuti amata mawa. Mawa la a Raymond ndimalidziwa ine.

M'mawa gulu la kasida, nyimbo za Chisilamu, la mayi Hidaya a ku Namwera, nyimbo zitatu. Masana uthenga wa sitolo ya matayala. Nthawi ya nkhomaliro ndatsegula nyimbo ya ababa.

Chiliza chawo tikuvundukula pa 28. Amama akufuna nyimboyi idzamveke pa sipika, abale onse amve. Chaka chatha mu Meyi ndinachita kuwakakamiza ababa kubwera kuno kuchokera ku Lungwena. Anavala jekete la kutchalitchi ndi chipewa, ngati akukajambulitsa chithunzi. Anaimba nyimbo yopeka okha, ija ankaimba akamasoka ukonde. Mu Ogasiti basi, anatisiya. Amama mpaka lero sanaimvepo, ankati mtima sunakhale pansi.

Ndaimvera kawiri. Yoyera bwino, ndisaname. Koma ndawasowa.

Lachitatu, 11 Sepitembala

Magetsi anazima maola anayi. Tinangokhala panja pamthunzi, Ambrose, mnzanga wapantchito, akundiseka kuti Lusiya amachapa mawu a anthu mpaka kutuwa. Aziseka. Ntchito yanga ndi imeneyo, kuchotsa. Munthu akamaimba amapuma, amameza malovu, mpando umalira. Ine ndimadula zonsezo, kutsale nyimbo yokha.

Pa nyimbo ya ababa ndinadula zambiri zedi. Chifuwa chija cha utsi, zaka makumi atatu akuwamba nsomba. Ndime iliyonse isanayambe, kutsokomola kawiri, kenako kukonza pakhosi. Ndili mwana ndinkachita nazo manyazi kutchalitchi, anzanga akugwedezana zigongono. Ndinkafuna kamodzi kokha amveke ngati oimba a pa wailesi. Masiku awiri athunthu ndinathera pa nyimbo imodziyo.

Ndaika pa fulashi. Loweruka kumudzi.

Lamlungu, 15 Sepitembala

Sindikudziwa poyambira.

Dzulo pakhonde, kasipika kanga pampando. Amama anamvera mpaka kumapeto, manja pamiyendo, osaphethira. Itatha anati, "Aimba bwino bambo amenewa. Ndi a kuti?"

Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Sizinali nthabwala. Anati ababa ako sankayamba nyimbo osatsokomola, ndipo munthu uyu sakupuma n'komwe, akungotuluka mawu ngati madzi a pampopi. Anati mawuwo akufanana ndithu, koma mwini wake mulibemo. Anandipempha mwaulemu, ngati ndine mlendo, kuti ndikabweretse yeniyeniyo, imene ndinajambula tsiku lija.

Ndinati chabwino amama. Pa njinga yamoto pobwerera ndinalira kuyambira pamsika mpaka pa buliji, woyendetsa ankayesa ndi fumbi.

Lolemba, 16 Sepitembala

Palibe.

Lamulo la muno: zojambula zosakonza timafufuta pakatha miyezi itatu, apo ayi kompyuta imadzaza. Wofufuta wake ndine. Lachisanu loyamba la mwezi, kusankha zonse, kudina, basi, osayang'ana n'komwe mayina. Meyi, Juni, Julaye. Ndiye kuti ndinawafufuta kumayambiriro kwa Ogasiti, iwo ali moyo, akusoka ukonde kwawo. Patangotha sabata ziwiri anagonekedwa m'chipatala.

Ndalemba dzina lawo, Simioni, pofufuzira mwina kakhumi. Ikubwera yoyera ija yokha. A Raymond atulutsa kompyuta yakale pansi pa tebulo, tapukuta fumbi, tayatsa. Muli makwaya a 2021 ndi maukwati. Anangoti pepa mwanawe, n'kundisiyira tiyi wawo.

Ndani anandituma kuchapa bambo anga?

Lachinayi, 19 Sepitembala

Ndachita chinthu chopusa. Ndilembe, ndisadzaiwale kupusa kwanga.

Ndinaitana a Sulemani, atelala a khomo loyandikana nalo, akulu amsinkhu wa ababa. Ndinawapempha atsokomole pa maikolofoni. Anadabwa, anafunsa ngati masiku ano chifuwanso chili ndi msika, koma anatsokomola ndithu, kasanu, mwakhama, mpaka misozi. Ndinadula, ndinamata pa ndime iliyonse. Ambrose atamva anati zakhala bwino, palibe angadziwe.

Ine ndinadziwa. Chifuwa cha a Sulemani n'chouma, cha fumbi la nsalu. Cha ababa chinkachokera pansi, cholemera. Komanso kunamiza amama pamanda pa amuna awo? Ndafufuta. Kufufuta ndiye ndimatha.

Masiku naini atsala. Ndikufuna kumva akupuma, basi. Nyimbo ngakhale isakhalepo.

Lamlungu, 22 Sepitembala, ku Lungwena

Ndinabwera dzulo kudzaulula za kufufuta kuja. Tsiku lonse ndinangozungulira, kutsuka mbale zotsuka kale, kufunsa za simenti ya chiliza.

Lero m'mawa, sikisi koloko isanakwane, amama anali atasesa kale, atakhala pamkeka ndi kawailesi kawo. Ndinakhala pambali pawo. Ndinayamba kuti amama, nyimbo ija... Anakweza dzanja kuti ndikhale chete.

Pa wailesi panali uthenga wa chifuwa chachikulu, uja wolimbikitsa anthu kukayezetsa. Tinapanga ife mu Febuluwale, ndipo wosakaniza mawu ndinali ine. Umayamba ndi munthu akutsokomola kawiri, kenako kukonza pakhosi, kenako namwino amalankhula.

"Ndi awotu," anatero amama.

Akuti kuyambira Febuluwale sanaphonyepo. Mabatire akatha amapita kukakhala pakhomo pa mayi Mwanabibi, oyandikana nawo, ngati akukapempha moto. Sanauzepo munthu, ankaopa kuti anthu anena kuti mutu wasokonekera.

"Ndimayesa unaika dala iwe, kuti ndiziwamva."

Uthenga umenewo ndinaumvera mwina kamakumi asanu nditavala mahedifoni, kukweza, kutsitsa, kuyeza kuti chifuwacho chisaphimbe namwino. Bambo anga ondibereka, ine osawazindikira. Amama anawazindikira pa kawailesi kosweka sipika.

Za kufufuta ndinawauza pambuyo pake, tikupita kutchalitchi. Anangondikonza kolala ya bulauzi.

Lolemba, 23 Sepitembala

Ndafika situdiyo isanatsegulidwe, ndadikira Ambrose pakhomo. Nditamufunsa za chifuwa cha mu uthenga uja anagwira pakamwa. Ali ndi posungira phokoso lake la m'masewero a pa wailesi: tambala, chitseko, njinga, mvula padenga, mwana akulira. Akamva phokoso labwino pa zojambula za aliyense amatapako tisanafufute, dzina la mwini salemba. Akuti anaiwaliratu kuti chinali cha yani. Mu Febuluwale nditamupempha chifuwa cha munthu wamkulu anangondipatsa. Dzina lake chifuwa 4.

Ndimafuna kumukalipira, ndimafunanso kumugwadira. Ndangomuuza kuti atuluke.

Chifuwa 4 ndi masekondi makumi anayi. Ulesi wa Ambrose, sadula bwinobwino, Mulungu amudalitse. Ine mu Febuluwale ndinatenga atatu oyambirira okha, enawo sindinamvere.

Ndatseka chitseko. Mahedifoni.

Kutsokomola kawiri. Pakhosi. Mpando kulira. Kenako akuseka, kaseko kaja ka m'mphuno. "Lusiya mwanangu, chipewachi ndivule, kapena makinawa saona?"

Kenako mawu anga, othamanga, a munthu wotanganidwa. "Ababa, musalankhule, tikujambula."

Anamvera. Sanalankhulenso. Kotsalako konse akungopuma, kudikira kuti mwana wawo awakwezere dzanja. Mpweya kulowa, kutuluka, kakulira pang'ono m'chifuwa.

Loweruka ndidzaika zonsezi kutsogolo kwa nyimbo, momwe zilili. Ndi mawu angawo omwe, abale amve mmene ndinawayankhira. Sindidula kanthu.

Ndabwezanso poyambira, kachisanu ndi chiwiri. A Raymond akugogoda, akuti a kwaya afika, ayima padzuwa. Adikire. Ababa akupumabe, atsala masekondi khumi ndi...