Nyimbo Yanu Ndinaiyambira Pansi

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji, miyendo ija inaleka kutupa?

Kuno tilipo. Papita zaka zitatu ndi miyezi inayi chikuperekezereni. Ndiyamba ndi za pakhomo, chifukwa ndikayamba ndi nkhani yeniyeniyo ndiiwala mbuzi.

Lusiya, mdzukulu wanu, wachira bwino, kwabwera mwana wamkazi. Zidzukulutudzi zanu tsopano zakwana zisanu ndi zinayi, zazikazi zisanu ndi chimodzi. Chimanga tatuta ngolo zinayi ndi theka, kuposa chaka chatha ndi ngolo imodzi, ngakhale mvula inadula masiku khumi ndi asanu ndi awiri chikumasula. Mbuzi zinali khumi ndi imodzi. Fisi anatenga imodzi, ina tinapha pa chiliza chanu mwezi wathawu. Denga la khitchini likudontha malo atatu.

Dziko nalo lasintha. Zipani zachuluka, ndipo pamsika wa Mitundu palibenso wotiimitsa kufunsa khadi. Sukulu ndi yaulere, ana adzaza mpaka pansi pa mitengo ya mango. Magule okakamiza aja anatha. Nachisale (mundikhululukire, "a" uja ndinamuchotsera) salinso wapampando wa amayi a chipani. Nsalu yake ya chipani ija ndinaiona atatchingira pazenera. Koma mpando umodzi anaukakamirabe: kutchalitchi, pamaliro, pamsonkhano wa amayi wa Lachinayi, woyambitsa nyimbo anali iye yekha.

Mukukumbukira zimene anandichita, koma ndizilembabe kuti zikhale papepala. Ndinali mphunzitsi wa zaka makumi atatu ndi zisanu. Tinkakonzekera magule pabwalo la sukulu, amayi makumi asanu ndi atatu ndi anayi, ana a kalasi langa akuonerera. Nachisale anaimitsa ng'oma nkundiloza. "Aphunzitsi, inu chanu ndi choko. Mawu anuwo ngati ng'ombe yagwera m'chitsime. Muzingotsegula pakamwa ngati nkhuku yomva kutentha, kuimbako mutisiyire." Anthu anaseka. Masiku amenewo kuyankha wapampando kunali kutaya ntchito, mwinanso kuposa apo. Ndinamvera. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndinkatsegula pakamwa popanda mawu, pagule ndi m'tchalitchi momwe. Inu munangondiuza kuti, "Wokuponda chala usamutukwane, uyeze phazi lake." Ndinayeza, Amayi. Ntchito yoyeza ndimaidziwa.

Zimenezo ndikanazimeza. Chimene chinandikanika ndi cha tsiku la maliro anu. Munandipempha kawiri muli pamphasa kuti tidzakuperekezeni ndi nyimbo yanu ija munapeka nokha pochokera ku nkhuni ku Dzalanyama, yoti woyambitsa amati "Mtolo wanga ndatula," ena nkuvomera kuti "Nkhata tolani, anzanga." Kuchokera pakhomo kukafika kumanda pali mapazi mazana asanu ndi limodzi ndi khumi ndi awiri. Ndinalimba mtima pa phazi la makumi anayi. Ndinangotchula mawu awiri, lachitatu lisanathe Nachisale anaponya nyimbo ina pamwamba panga, amayi onse nkumutsatira monga anazolowera. Munalowa m'manda ndi nyimbo ya eni ake. Tsiku limenelo ndinalira zinthu ziwiri, ndipo anthu ankaganiza kuti ndi chimodzi.

Nditapuma ntchito ndinamva za a Mbewe a ku Nathenje. Ankaphunzitsa makwaya kale, kenako aboma anawatenga nkukawatsekera zaka zisanu ndi chimodzi popanda mlandu. Anatuluka zinthu zitasintha, mano anayi atatsala komweko, koma makutu ali bwinobwino. M'nyumba mwawo muli limba lakale lopopa ndi mapazi. Ndinapita Lachiwiri lina pa matola, fumbi mpaka m'makutu, nkuwauza kuti ndikufuna kuphunzira kuimba. Anandiyang'ana imvi nkufunsa kuti, "Mayi, mwabweretsa mdzukulu?" Ndinati ndabwera ndekha, ndipo ndabweretsa kope ndi pensulo.

Kumudzi ndinanena kuti ndimakaonetsa bondo. Linali bodza, ndipo ndalinena Lachiwiri makumi anayi ndi atatu. Nachisale mwiniwake ankandipatsa pepani pachitsime.

Milungu isanu yoyamba sanandilole kuimba. Ankangondiimika, dzanja pamimba, kuti ndiphunzire kupuma. Ndinawauza kuti ndakhala ndikupuma zaka makumi asanu ndi limodzi ndi chimodzi popanda mphunzitsi. Iwo anati, "Ndiye chifukwa chake." Ankandigwiritsa nthenga ya nkhuku patsogolo pa milomo kuti ndiziiuzira pang'onopang'ono, isagone, iwo akuwerenga. Tsiku loyamba ndinafika pa zisanu ndi ziwiri nkuona mdima. Pano ndimafika pa makumi awiri ndi zinayi. Zonse zili m'kope, tsiku ndi tsiku.

Mlungu wachisanu ndi chimodzi anati ndiimbe nyimbo iliyonse. Ndinayamba yanu, pamwamba paja amayambira Nachisale, poti kumeneko ndi kumene ndinkadziwa kuti nyimbo zimakhala. Chinatuluka ndi chinthu chochititsa manyazi. A Mbewe sanaseke. Anayamba kudina limba akutsikira kumanzere, do, ti, la, so, fa, ine ndikutsatira. Anatsika masitepe asanu. Pa lachisanu mawu anga anakhala pansi ngati munthu wapeza mpando wake, chifuwa chonse chikunjenjemera. Anachotsa manja pa limba nkunena kuti, "Mayi, anakunamizani ndani? Mawu muli nawo, koma ndi apansi. Zaka zonsezi mwakhala mukusaka mbewa mumtengo."

Amayi, pa matola pobwerera ndinatsegula kope langa. Sikunali kulemba za chimwemwe. Ndinkawerengera Lamulungu lililonse limene Nachisale anandidyera chifukwa choti iye amaimbira kudenga, ndipo ndinapeza oposa chikwi chimodzi ndi mazana atatu. Munkati nyimbo ndi mtolo, woyambitsa ndiye amatwika anzake. Iyeyo ankatitwika mtolo woyezera khosi lake, wolephera kuusenza nkumutcha ng'ombe.

Tsopano za chiliza. Mwina munamva nokha poti munali pomwepo, koma mumve ndi mbali yanga. Panabwera anthu zana limodzi ndi makumi atatu ndi asanu ndi awiri. Dzuwa linali litakwera pang'ono, simenti yawala bwino, dzina lanu analemba molondola nditawabweza kawiri. Ndinkadziwa chinthu chimodzi chimene mwina Nachisale mwini sachidziwa: asanayambe nyimbo amatsokomola kawiri. Ndamumva zaka zonsezi, sanaphonyepo. Abusa atanena amen, anatsokomola koyamba. Kachiwiriko sindinakadikire.

"Mtolo wanga ndatula."

Ndinaiyambira pansi penipeni, pa sitepe langa lachisanu lija, mpweya wochokera kumimba. Kenako kunali zii. Mukudziwa kuti nyimbo yosavomeredwa imagwera mwini wake, ndipo ikanandigwera pamanda anu sindikanatsegulanso pakamwa mpaka kukupezani. Ndinawerenga kupuma kwanga. Kumodzi. Kuwiri. Ndinaona amayi akuyang'ana kwa Nachisale kuti awauze chochita. Kutatu.

Anavomera ndi a Nangozo, anzanu aja munkapita nawo ku nkhuni, amene pano amayendera ndodo. Mawu awo anatuluka okhuthala ngati phala la mawere: "Nkhata tolani, anzanga." Kenako amayi achikulire a kumbuyo, omwe ndinkaganiza kuti anasiya kuimba chifukwa cha ukalamba. Sanasiye, Amayi, ankangolephera kukwera kumene ankawakwezera. Ndinawerenga milomo khumi ndi isanu ndi umodzi imene sindinaionepo ikuimba chaka chonse chatha. Pa ndime yachiwiri azibambo nawo analowa, poti nyimbo inali itawapeza kwawo, mpaka amene anamanga chiliza anaika chipande chake pansi.

Nachisale anayesa. Pa ndime yachiwiri yomweyo anaitenga kuti aikweze, akugwedeza dzanja kuti amayi amutsatire. Anamutsatira awiri, azilamu ake, ndipo mzere usanathe anabwerera kwa ife. Anatsala yekha kumwambako. Pa ndime yachitatu mawu ake anasweka ngati chikho chouma, aliyense anamva. Anayamba kukonza duku lomwe linali bwinobwino. Ife tinaimba ndime zonse zisanu, yomaliza tinaibwereza. Sindinamuyang'ane mobisa ayi, ndinamuyang'ana kumaso nyimbo yonse.

Pa nthawi ya chakudya anabwera ndi mbale yake nkuima pambali panga. "Aphunzitsi, bondo lija lachira?" Ndinati, "Lachira, mayi. Mwalimva nokha." Nyama yake anaisiya osaimaliza, nthuli ziwiri.

Sikuti onse akundiyamikira. Mayi abusa anandiitanira kuseri nkundikumbutsa za kukhululuka makumi asanu ndi awiri kuchulukitsa kasanu ndi kawiri. Ndinawauza kuti samuyo ndimaidziwa, ndinaiphunzitsa, yankho lake ndi mazana anayi ndi makumi asanu ndi anayi, ndipo Nachisale anapitirira kalekale. A Mbewe nawo nditawafotokozera anapukusa mutu. Anati nyimbo si mkondo, ndipo iwo amene anakhala m'ndende sasunga munthu kukhosi. Ndinawayankha kuti khasu nalo si mkondo, koma njoka limapha. Anaseka mpaka kutsamira limba, kenako anandipatsa nthenga kuti tipitirize. Akuti ndimakwezabe mapewa popuma, ndipo "la" wanga amatsetsereka ndikakwiya. Ndiye kuti amatsetsereka kawirikawiri.

Lachinayi lapitali amayi a mpingo anakambirana za woyambitsa nyimbo. Masiku ano chilichonse nchovota, ndiye tinakweza manja. Ine makumi awiri ndi atatu, Nachisale asanu ndi anayi, a Nangozo anakweza ndodo ndipo tinaiwerengera. Ena ananong'ona kuti ndimuuze Nachisale akhale chete monga anandichitira. Ndinakana, koma musaganize kuti ndi chifundo. Kumuletsa nkumupeputsira. Angamayende m'mudzi akunena kuti anamutseka pakamwa, anthu nkumamumvera chisoni.

Ndiye lonjezo langa ndi ili, Amayi. Ndipitiriza kupita ku Nathenje mpaka nthenga ifike makumi atatu. Nyimbo iliyonse, paukwati, pamaliro, Lachinayi lililonse limene Mulungu andipatse, ndiziiyambira pansi pomwe pali mawu anga, ndipo sindidzaikweza ngakhale theka la sitepe. Malo pa benchi ndamusungira Nachisale, pambali panga penipeni. Akafuna kuimba m'mudzi muno, atsike, adzavomere nyimbo yanga pamodzi ndi anzake. Tsiku limene adzatsike ndidzabwera kumanda ndi tsache, ndidzasese, kenako ndidzakuuzeni pakamwa.

Ndimakukondani, ndipo ndimakusowani m'mawa uliwonse.

Ine mwana wanu woyamba,
Esinati Nabanda