Kompyuta Yofunda Chitenje

Aphungu,

Ndimataipa pa ofesi ina pano pa boma la Mangochi, yothandiza anzathu othawa nkhondo ku Mozambique. Kompyuta tili nayo imodzi yokha, ndipo mayina a mabanja amene akwere malole obwerera kwawo mwezi wamawa ali mommo.

Abwana athu, a Uladi, abwerako ku Blantyre ndi sisitemu yatsopano, ija pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse. Yatsopanoyo ndi ya zithunzi, yongodina. Yathu yakale ndi ya mdima bii, lamulo lililonse kuchita kutaipa. A Uladi akuti, "Yatsopanoyi kachilombo ka makompyuta sikalowa. Koma woigwiritsa ntchito ndinu, sankhani nokha." Apatu ndiye kuti zikalakwika mlandu ndi wanga.

Za kachilombozo sakunama. Mwezi watha kanatidyera mayina onse a ku Chiponde, ndinachita kulembanso. Chonsecho kompyutayo ndimaifunditsa chitenje tsiku lililonse poweruka, ndipo woigwira ndine ndekha, kupatula a Bakali a ofesi yoyandikana nafe, amene amabwera ndi disiketi yawo, kaja kambale kosungira zolemba, kudzapulinta. Munthu woti timamwera limodzi tiyi ndingamukanize bwanji? Ndili ndi mantha. Ndisinthe kapena ayi?

J.S., Mangochi

A J.S.,

Musasinthe pano. Kodi pulogalamu yanu yosunga mayina idzatseguka pa sisitemu yatsopanoyo? Opanga amalonjeza kuti zakale zimayenda, ndipo zambiri zimayendadi, koma yanuyo palibe waiyesapo. Pulinta nayo ikhoza kukana. A Uladi akayesere pa kompyuta ina ku Blantyre komweko, osati pa yanu.

Sisitemu yakaleyo ndi yosakongola, eya, koma yakonzedwa zaka zambiri ndipo matenda ake amadziwika. Yatsopanoyo eni ake akadali kuisoka zigamba. Idzakhwima. Malole akapita mudzaiike, mudzaiphunzire mtima uli m'malo.

Pa za chitetezo, abwana anuwo anangokometseredwa ndi wogulitsa. Zonse ziwiri zimagwidwa. Kachilombo kameneka si kouluka ngati nkhungu za kunyanja ayi, ndi kapulogalamu koipa koyenda pa disiketi kuchoka kompyuta ina kupita ina. Choncho lero lomwe koperani mayinawo pa madisiketi awiri atsopano, mukankhe kachotsekera koletsa kulembapo, ina isungidwe kunja kwa ofesi. Pemphaninso pulogalamu yosaka tizilombo.

Chitenje pitirizani, fumbi la ku Mangochi si lamasewera. Koma chenjerani: banja limene dzina lake lasowa lidzatsala chilili pamsewu lole ikunyamuka, ndipo silidzafunsa kuti munali ndi sisitemu iti. A Bakali apatseni tiyi, ndi chitumbuwa chomwe. Disiketi yawo itsale m'thumba.