Wailesi Ija Mwini Wake Akuifuna

Matawale,
Zomba.
9 Julaye 2022

Okondedwa achemwali a Felista,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu a Lameck ndi ana. Nanga bambo maso aja ali bwanji? Mankhwala odontheza aja akuthandizako, kapena mdima ukungowonjezeka? Ine kuno thupi lili bwino koma mtima suli m'malo, n'chifukwa chake ndapatsira Mavis kalatayi, poti akubwera kumudziko, m'malo moimba foni. Makutu a bambo mukuwadziwa: munthu akanong'ona kuseri kwa nkhokwe, iwo amayankha ali pakhonde. Muwerengere kumbali.

Kuno kukuzizira koopsa. Phiri likumafunda mtambo mpaka masana, ndipo okwera kukaona damu achepa. Ndikumangozungulira ndi takisi pakati pa tauni, Chinamwali ndi Songani, kulimbirana anthu ndi a kabaza.

Nkhani ndi ya wailesi ija ndinatumizira bambo pa Isitala. Mukudziwa kuti ndinaichotsa m'galimoto ya a Nasoro, abwana anga a golosale ku Songani. Galimoto zochokera ku Japan zimabwera ndi wailesi yakwawo. Imagwira nyumba zoulutsira mawu ziwiri kapena zitatu, zina zonse ayi, ndipo ukaliza galimoto muli mayi amene amayamba wakupatsa moni m'chinenero chawo. Ana a ku yunivesite ankati akasuzumira n'kuona kuti sangalumikize foni zawo, ankapita kukakwera ya mnzanga. Mpira ukamaseweredwa, amuna ankatsika ulendo usanathe. Zinkandiwawa.

Ndiye ndinapita kwa a Nickson, okonza mawailesi ku Chinamwali. Anandiuza kuti wa thumba lobooka sayamba ndi zonse: ndiyambe ndi wailesi yeniyeniyo, kenako masipika a m'zitseko zakutsogolo, chibokosi cha m'buti chidikire. Ndinamvera, kupatula pa chibokosipo. Wailesi tinapeza yotchipa, ya galasi lokhalokha yongodina ndi chala. Masipika tinagwetsa m'galimoto ina yochita ngozi. Chibokosi anandikhomera kalipentala wa pafupi ndi kwathu kuno ndi matabwa otsala, ine n'kuchikuta ndi kapeti yakale. Chinkagunda mpaka m'chifuwa, achemwali, ndipo pa siteji anthu anayamba kusankha galimoto yanga.

A Nasoro sindinawauze. Ndinkati ndiwadzidzimutse ndi chinthu chabwino, poti ndalama zinali zanga ndipo zimene ndinkawapatsa pa sabata sizinkaperewera. Yakaleyo ndinaiona ngati chinthu chotayidwa, ndiye ndinati bola ikasangalatse bambo.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti a Nasoro galimoto akaiyendetsa zaka ziwiri amaigulitsa n'kuitanitsa ina. Loweruka lapitali anabwera ndi wogula, mkulu wina wa ku Liwonde, n'kunena kuti tikwere phiri kuti aone mmene imakokera pa chitunda. Inakwera bwinobwino. Titafika pa damu ndinazimitsa, mkulu uja anazungulira, anagogoda matayala, kenako anakhala pa chiwongolero n'kuliza yekha. Anatchera khutu. A Nasoro nawonso anatchera khutu uku akumwetulira. M'malo mwa moni uja, chibokosi chinaphulika ndi nyimbo imene ana asukulu anasiya dzulo lake, mpaka anyamata ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu anayamba kuvina.

A Nasoro ananditembenukira n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "A Herbert, mayi uja mwamupititsa kuti?"

Kani ogula galimoto kuno amamvetsera mayi ameneyo. Akalankhula, ndiye kuti galimoto ikadali mmene inatsikira m'sitima, amakanika sanaisewerepo. Akakhala chete, amati mawaya adulidwadulidwa ndipo sungadziwe china chimene chasinthidwa. Mkulu uja anatsegula buti, anaona kapeti yanga ija, anapukusa mutu. Tinatsika phiri popanda malonda.

Abwana sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anangoti galimoto ibwerere mmene inalili mwezi uno usanathe. Ikabwerera, galimoto yatsopano ikubwerayo ndidzayendetsa ndine. Ikapanda kutero, ndikasiye makiyi ku golosale.

Musaganize kuti ndangokhala. Ndafufuza wailesi yofanana ndi ija mumsika muno, ndatuma anthu ku Limbe. Ziwiri zimene zinapezeka, ina ndi yakufa, ina mtengo wake ngati ukugula ng'ombe. A Nickson akuti ntchito yobwezera ndi ya m'mawa umodzi, bola wailesiyo ikhale pamanja.

Ndinaganizanso zoti tingosinthanitsa, bambo atenge yatsopanoyi. Koma ilibe batani ngakhale limodzi, ndi galasi losalala, munthu wosaona ayambira pati? Ilibenso polowetsa chimbale. Munandiuza nokha kuti chimbale cha kwaya ya amayi a Mvano chija, mmene muli mawu a malemu mayi athu, sichituluka m'menemo, ndipo bambo amachipeza okha ndi chala osaitana munthu. Munandiuzanso kuti alamu atailumikiza ku batire la sola n'kuikhomera kabokosi, bambo anaitanitsa mudzi wonse kudzaona chimene mwana wawo wa ku Zomba watumiza, ndipo m'mawa uliwonse mayi wa ku Japan uja akapereka moni iwo amayankha kuti tadzuka bwino kaya inu. Ndinaseka tsiku limenelo. Lero ndikakumbukira, sindisekanso. Zaka zonse ndakhala m'tauni muno, chinthu chooneka chimene ndawatumizira n'chomwechi, ndipo n'cha eni ake.

Pempho langa ndi ili, achemwali. Inu ndi amene mumakhala nawo, mumadziwa mmene tsiku lawo limathera. Mukaona kuti angapirire, muwafotokozere zoona zake zonse, osati kuwanamiza kuti yapita kokakonzedwa, ndipo osaitenga iwo ali kutchalitchi. Akalola, mupatsire Mavis pobwerera, ine ndidzayesetsa kupeza ina ya mabatani ngakhale ichedwe. Koma mukaona kuti iwasiya m'chipululu, musawauze kanthu. Mungondiimbira n'kunena kuti nandolo sanache, ine ndimva, ndikasiya makiyi. Njinga ya kabaza ndinapalasapo, miyendo ikadalipo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali a ku Migowi, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa ana onse. Bambo muwagwire dzanja m'malo mwanga. Akafunsa za ine, muwauze kuti ndili bwino, ndipo akweze wailesiyo mmene akufunira.

Ndine mlongo wanu,
Herbert