Paipi ya Petulo Munamanga Ija

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Kadewere tilipo, ndipo bondo la amayi layamba kuphwa.

Pikapu yanu inatisautsa mwezi wathawu. M'mawa inkalira bwinobwino, koma injini ikatentha inkayamba kudukiza mpaka kuzima. Tsiku lina inazima pachitunda cha ku Njuli ndikupita ndi amayi kuchipatala. Ndinawonjezera madzi mu ladiyeta, ndinapukuta mapulagi, koma osatheka. Amayi anamaliza ulendowo pa kabaza, mwendo wotupawo ukulendewera.

A Makwinja, makaniko aja, atafika anangonyowetsa sanza n'kukulunga paipi ya petulo. Patapita kanthawi galimoto inalira.

"Paipiyi yagona pa ekizozi," anatero. "Petulo akuwira asanafike ku kabuleta. Anaimanga ndi waya pamenepa ndani?"

Ndinati sindikudziwa, chonsecho tsiku munaimanga lija pulayala ndinkakupatsirani ndine. A Makwinja anaisuntha, ndipo dzulo ndinakafika ku Limbe n'kubwerako osazima.

Mukamabwera mutengeko paipi yatsopano. Amayi mpaka pano akudzudzula galimoto, sindinawauze kanthu. Mudzawauze nokha.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ine mng'ono wanu,
Fakisoni